Amene Anamwa Tiyi kwa Eneless

Tangoganizani m'mawa wa mwezi wa June pa Chitipa boma. Mphepo ikuchokera kumapiri, fumbi layamba kale kuuluka, ndipo anyamata a kabaza aimika njinga zawo zamoto pafupi ndi msika, manja ali m'khwapa. Pambali pawo pali benchi, mbaula ndi ketulo yodetsedwa ndi mwaye. Mayi akuthira tiyiyo ndi Eneless Nalungwe, koma anyamatawo amati anyina Brave, kutanthauza amayi ake a Brave. Mukakhala pabenchipo adzakuyang'anitsitsani kumaso mpaka mudzachita manyazi. Musakhumudwe, amatero ndi aliyense.

Eneless anabadwira ku Misuku, m'banja lolima khofi. Anatsikira kuboma atakwatiwa, ndipo mwamuna wake atamwalira anayamba kugulitsa tiyi ndi mandasi kuti aphunzitse ana ake, Brave ndi Ivy. Brave anali mwana wosachedwa kuseka, wokonda masamu, wosakhazikika pampando. Atalemba mayeso a Fomu 4 anayamba kuyendetsa njinga yamoto ya munthu wina podikira zotsatira.

M'mawa wina wonga umenewu kunabwera bambo wachilendo. Anapempha tiyi wopanda shuga, anamwa mosafulumira, kenako anafunsa ngati pali mnyamata wodziwa njira ya ku Wenya. Eneless ndi amene anakodola Brave. Anzake anamuseka kuti ulendo wautali waupeza chifukwa cha ketulo ya amayi ake, iye n'kuwayankha kuti nawonso akauze amayi awo agule mbaula. Mtembo wa Brave unapezeka patatha masiku angapo, m'tchire pambali pa msewu. Njinga sinaonekenso. Chaka chomwecho anyamata ena awiri a kabaza anafa imfa yofanana, ndipo pa anthu onse amene anafunsidwa, amene anamuona pafupi mlendoyo anali Eneless yekha.

Wapolisi wofufuza nkhaniyi, a Bizwell, munthu wa ku Mulanje amene anali ataphunzira moni wa Chitumbuka, anamufunsa mofatsa. Eneless anakumbukira kuti bamboyo anagwira kapu ndi manja onse awiri, kuti chikhadabo cha chala chake chachikulu chinali chakuda, kuti jekete lake linkanunkha fodya. Za nkhope anangoti inali nkhope ya munthu. Wothira tiyi maso ake amakhala pakapu, kuopa kuotcha miyendo ya kasitomala.

Kuseri kwa msika, mlamu wake wa Eneless, Jameson, anali ndi chipinda choonetsera mafilimu. Masana ankaika mafilimu a anthu opha anzawo mmodzimmodzi, ena ongopeka, ena ofotokoza zimene zinachitikadi kumayiko akutali, iye n'kumamasulira pa maikolofoni m'Chichewa chosakaniza ndi Chitumbuka. Eneless anamva anyamata akukambirana kuti m'mafilimu amenewo mboni imangotsinzina, nkhope ya chigawenga n'kubwerera yonse. Tsiku lotsatira anazimitsa mbaula msanga n'kukaima pakhomo pa Jameson.

"Alamu, izi si zoti muzionera inu," anatero Jameson.

"Ndikufuna ndione mmene anzanga amakumbukirira."

Anakhala kumbuyo, pakati pa ana asukulu othawa makalasi, atafunda chitenje. Anaonera chilimwe chonse, dzinja n'kumupeza momwemo. Akafika kunyumba ankakhala pakhonde n'kutsinzina monga zinkachitira mboni zija. Ndipo nkhope inayambadi kubwera: maso ang'onoang'ono, chipsera patsaya lakumanzere. Anatsimikiza zokauza a Bizwell sabata ikatha. Lisanafike tsikulo Jameson anabwereza filimu yakale, ndipo chipsera chija anachiona pakanema, patsaya la munthu wa dziko limene Eneless sankalidziwa n'komwe dzina. Atatsinzinanso, mlendo uja anabwera ndi ndevu. Tsiku lina anabwera ndi dazi. M'maganizo mwake, aliyense amene anamuona pakanema mumdima wa chipinda chija anali atakhalapo pabenchi yake n'kumwa tiyi wopanda shuga.

Filimu ina, ya nkhani yoona, inatha popanda womangidwa. Anyamata anachita phokoso kuti aike gawo lachiwiri. Jameson anawauza kuti gawo lachiwiri kulibe, munthuyo sanapezeke mpaka lero. Anatuluka akung'ung'udza kuti awapusitsa. Eneless anatsala pampando mpaka Jameson anamupempha kuti asunthe miyendo, asese.

Patapita zaka ziwiri, munthu wina anagwidwa kufupi ndi malire ali ndi injini ya njinga yobedwa. A Bizwell anaitanitsa Eneless. M'mawa umenewo anyamata a kabaza anazungulira benchi yake. Anali atamuona kale wogwidwayo, ndipo anamunong'oneza kuti ndi wa malaya ofiira ong'ambika paphewa, angomuloza basi, zina zonse zidziyendera zokha.

Pabwalo la kupolisi anaimika amuna angapo pamzere. Eneless anayenda pang'onopang'ono. Anapempha kuti atambasule manja, koma chikhadabo chakuda chimakula n'kuwengedwa, ndipo zikhadabo zonse zinali zoyera. Wa malaya ofiira analibe chipsera, analibe ndevu. Akanatha kukhala iyeyo. Woyandikana naye akanathanso kukhala iyeyo.

"Musafulumire, mama," anatero a Bizwell.

Eneless anatembenukira kwa a Bizwell.

"Bwana, ndikaloza, ndiloza munthu wa mufilimu."

Bamboyo anamangidwa pa mlandu wa injini yokha. Atatuluka anachoka m'boma muno. Ena amati kuphana kunaleka iye atangogwidwa, ndiye kuti anali yemweyo. Ena amati kunali kutaleka kale. Anyamata a kabaza anakhala miyezi osamwa tiyi wa anyina Brave, ndipo iye sanawadandaule. Kwa Jameson sanapitekonso.

Chimene Eneless sauza anthu ambiri n'chakuti nkhope ya Brave nayo yayamba kusokonekera. Mawu ake amawamva bwinobwino, nthabwala ya mbaula ija amaikumbukira yonse, koma akafuna maso a mwana wake amayenera kutulutsa kachithunzi ka pachiphaso cha mayeso. Zotsatira zinatuluka maliro atapita kale. Brave anakhoza, ndipo masamu anakhoza bwino kwambiri.

Ivy atayamba ntchito anagulira amayi ake foni yokhala ndi kamera. Eneless anayamba kujambula mlendo aliyense wofuna ulendo wakutali, osapempha, osafotokoza. Ena ankakwiya n'kuchoka. Pang'onopang'ono anyamata aja anabwerera pabenchi, n'kuyamba kumadikira kuti ajambule kaye asanalize injini. Lero pa siteji ya pamsikayo palibe njinga imene imanyamuka kupita ku Wenya kapena ku Misuku wokwerayo asanajambulidwe, ndipo anayambitsa zimenezi ndi Eneless Nalungwe.