Mauthenga a Lachisanu

Ndinavomera zopita ku Blantyre ndili chiimire pa thandala loyanikirapo nsomba la amayi anga, manja akununkha usipa. Amene anandifunsa ndi Mayi Mbewe, mphunzitsi wa kusukulu ya ukachenjede, omwe anakhala kwathu ku Liwaladzi kanthawi akucheza ndi gulu la amayi oyanika nsomba. Ankafuna munthu wowalerera khanda lawo iwo akamalemba za kafukufuku wawo. Ine pakamwa panga sipatseguka msanga, choncho ndinangoyang'ana amayi. Amayi anayang'ana mwana wanga Rukiya, amene anali atangosiya kuyamwa.

"Asiyatu, ukufuna?" anandifunsa.

Ndinagwedeza mutu. Ndinkafunadi. Bambo a Rukiya anali atapita ku Joni ndipo anakwatira komweko. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndinkafuna kuti mwana wanga adzapitirire pamenepo, komanso kuti denga lathu lisiye kudontha.

"Pita," anatero amayi. "Mwanayu ndi wanga. Maso ndili nawo, miyendo ndili nayo."

Mawu amenewo ndimawakumbukira mpaka lero.

Ku Blantyre kunali kozizira ndipo nyumba inali ya mpanda wa njerwa. Ndinkasambitsa mwana wa eni ake, kumuphikira phala, kumubereka. Akalira, mabere anga ankayabwa ngakhale kuti mkaka unali utauma. Munthu wocheza naye ndinalibe. Atsikana antchito a m'nyumba zina ankaseka mmene ndimayankhulira, ndiye ndinkangowapatsa moni n'kudutsa. Pa Ramadhani ndinkamasula ndekha kukhitchini. Madamu, mmene ndinkawatchulira Mayi Mbewe, sanali Msilamu, komabe ankandigulira zitumbuwa ndi nthochi kuti futari yanga isakhale ya tiyi yekha. Malipiro sankachedwetsa. Mwezi ukatha ndinkatumiza pafupifupi onse kumudzi kudzera pa foni, n'kusunga ya sopo ndi mayunitsi.

Poyamba sindinkamvetsa ntchito yawo. Ankakhala pa kompyuta tsiku lonse, zomvera zili m'makutu, kumvetsera mawu a amayi a m'gulu lija amene anawajambula. Pakhoma anamatapo mapepala aakulu okhala ndi timizere tozungulira ndi mivi. Tsiku lina ndikupukuta fumbi anandipeza ndikuyang'anitsitsa.

"Ukuona chiyani, Asiyatu?"

"Mazira, Madamu. Ndi mivi."

Anaseka mpaka anavula magalasi. Kenako anandifotokozera bwinobwino, ngati ndine mnzawo wa kuntchito. Anati akufufuza mmene uthenga umayendera m'magulu ang'onoang'ono a bizinesi: ndani amayamba kumva mtengo wa usipa ku Lilongwe, amauza ndani, ndani amasankha tsiku logulitsa, nanga foni yasintha chiyani. Dzira lililonse linali munthu, muvi unali uthenga. Mayina munalibe, munali manambala okha.

"Bwanji osangolemba mayina awo?"

"Ndinawalonjeza. Mayi aliyense ndisanamujambule ndimamuuza kuti zimene anene sizidzatuluka ndi dzina lake. Ngakhale mwamuna wake atandifunsa, sindinganene. Popanda lonjezo limeneli, ndani angandiuze zoona?"

Dzira la pakati, lomwe mivi yonse inkadutsirapo, ndinalizindikira ndekha ngakhale linalibe dzina. Kwathu foni yaikulu ya gulu imakhala ndi Anti Alima, wapampando. Mitengo imafikira pamenepo, ogula amaimba pamenepo, ndipo ana amene ali kutali amalandira mauthenga kuchokera pamenepo. Lachisanu lililonse, anthu akabwera kumzikiti, amayi amasonkhana pakhonde la Anti Alima n'kumajambula mawu otumiza kwa ana awo, mmodzimmodzi.

Moyo wanga wa ku Blantyre unali wodikira Lachisanu. Uthenga ukalowa ndinkathamangira kuseri kwa nyumba. "Asalamu aleikumu, mwana wanga. Kuno tili bwino. Ndalama tinalandira. Rukiya akudya, akunenepa. Gwira ntchito, usadere nkhawa." Kenako kamawu ka Rukiya, wina akumunong'oneza zoti anene. Zithunzi zinkabweranso: amayi atakhala pamkeka, Rukiya ali pamiyendo pawo. Panopa ndikaziona ndimadabwa kuti sindinazindikire bwanji. Pa chithunzi chilichonse amayi anali chikhalire, ndipo nkhope yawo inkaloza pambali pang'ono pa wojambula.

M'chaka chachiwiri Madamu anapitanso ku Liwaladzi kukamaliza mafunso awo. Ine ndinatsala ndi mwana wawo. Ndinawapatsira kadiresi ka Rukiya ndi mpango wa amayi. Atabwerako anandipatsa thumba la mpunga ndi ufa wa kondowole, koma maso awo sankafuna kukumana ndi anga.

"Kumudzi kuli bwanji, Madamu?"

"Rukiya wakula. Diresi lamukwana."

"Nanga amayi?"

"Akupereka moni."

Masiku otsatira sanali Madamu amene ndinkawadziwa. Ankavala zomvera, kumvetsera pang'ono, n'kuvula. Ndinawamva kawiri akuimba foni kuchipinda, mawu ali pansi, ngati munthu wopempha chinthu chimene akukanizidwa. Nthawi yopereka buku lawo kwa akuluakulu a sukulu inali itayandikira, ndipo amuna awo ankagwira ntchito ku Mzuzu. Panalibe nthawi ina imene ankandifuna kuposa imeneyo.

Mmawa wina anandiitana ndili ndi mopu m'manja.

"Asiyatu, khala pansi. Ndikufuna upite kwanu mawa. Malipiro ako sindidula."

"Ndalakwa chiyani, Madamu?"

"Sunalakwe."

"Mwana wanga ali moyo?"

"Ali moyo, ali bwino. Ndinamunyamula ndi manja angawa."

"Ndiye chavuta n'chiyani?"

"Pali zimene ndinamva nditayatsa chojambulira, nditalonjeza kale. Ndapempha mwini mawuwo kuti andimasule, wakana. Sindingakuuze. Koma tchuthi ndi ine ndimapereka, ndipo chimenecho palibe angandiletse."

"Nanga mwana wanu? Nanga buku?"

"Ndimubereka ndekha uku ndikulemba. Pita."

Kunena zoona, ndinawakwiyira. Mu basi monse, kudutsa Balaka, kudutsa Salima, ndinkadzifunsa kuti ndi sukulu yanji imene imaphunzitsa munthu kusunga lonjezo la pa kafukufuku mnzake akupsa mtima. Panopa ndimaona mosiyana. Akanaphwanya lonjezo kwa amayi anga, akanaliphwanya kwa amayi onse a m'mapepala aja. Anafunafuna khomo lina, n'kulipeza, ndipo amene anavutika nalo ndi iwowo.

Ndinatsika basi dzuwa lili pamutu, osauza munthu kuti ndikubwera. Denga la malata linali pamwamba pa nyumba yathu, lowala. Amayi anali pakhonde. Ndinaima patsogolo pawo penipeni, chikwama chili m'manja. Sanadzidzimuke. Anangotembenuza khutu.

"Rukiya, kwabwera ndani?"

Kamtsikana kovala diresi lomwe ndinagula kanatuluka m'nyumba, kanandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kukagwira dzanja la agogo ake ngati kazolowera.

"Agogo, ndi mlendo. Ali ndi nsapato."

Ndinagwada. Maso a amayi anali otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Nditati "Amayi," anagwira nkhope yanga ndi manja onse awiri.

"Madamu ako akuuza?"

"Sanandiuze."

"Eya," anatero, akupukusa mutu. "Mayi uja ndi wouma mutu. Anandiimbira kawiri konse. Ndinamuuza kuti unalonjeza, mwana wanga asamve. Ndiye wangokutumiza wekha."

"Bwanji simunandiuze inuyo?"

"Ukanasiya ntchito. Malatawa akanachokera kuti?"

"Malata ndi maso, chachikulu n'chiyani, amayi?"

Rukiya anali atabisala kumbuyo kwawo, akundisuzumira.

Zina zonse ndinazimva kwa Anti Alima. Ndinapita kwawo mtima uli m'mwamba, koma nditafika mawu anandithawa monga mwa nthawi zonse. Iwo ndiwo anayamba.

"Usandiyang'ane choncho ngati ndakubera mbuzi. Khala pansi, iwe."

Anandiuza kuti gulu linagwirizana kalekale, ine ndisanachoke n'komwe: mwana amene ali kutali sauzidwa zolemera, pokhapokha ngati ndi maliro. Lamuloli linayamba mnyamata wina atasiya ntchito ku Joni atamva kuti bambo ake akudwala. Anafika bambowo atachira, ntchito n'kutha, banja lonse n'kugona ndi njala chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo uthenga uliwonse wa Lachisanu unkadutsa m'makutu a gulu usanatumizidwe. Mawu akanjenjemera, ankafufuta n'kuyambiranso.

Koma si zokhazo zimene ankachita. Maso a amayi anga atayamba kuchita chifunga, thandala lawo silinagwe. Amayi a m'gulu ankawagulira usipa, kuwayanikira, kuwagulitsira pamodzi ndi wawo, phindu n'kuwabweretsera. Rukiya ankasamba kwa uyu lero, mawa kwa uyo. Amene anamuphunzitsa kuvala mpango popita ku madrasa ndi amayi ake a Mariamu, mnzanga wa paubwana amene ali ku Joni. Mwana wanga analeredwa ndi manja a gulu lonse, ndipo pakamwa pa gulu lomwelo ndi pamene panandibisira. Ndinalephera kudziwa kuti ndithokoze kapena ndilire. Ndinachita zonse ziwiri.

Nditawaimbira Madamu n'kuwauza za maso a amayi, sanandifunse zambiri. Anangoti, "Tsopano wandiuza ndiwe. Bwera nawo." Tinapita ndi amayi kuchipatala cha maso. Diso limodzi analikonza, ndipo panopa amatha kuona Rukiya akamabwera kuchokera kumjigo. Linalo adokotala anati tinachedwa nalo. Mawu akuti tinachedwa ndi amene amandiwawa kuposa onse.

Ku Blantyre sindinabwerere kukagwira ntchito. Madamu anapeza mtsikana wina, buku lawo anamaliza mochedwerapo, ndipo timayankhulanabe. Ine ndinatenga thandala la amayi n'kulowa m'gulu. Rukiya anatenga nthawi kuti asiye kunditchula mlendo. Anayamba ndi "a Asiyatu," ndipo sindinamukakamize.

Pa misonkhano ya Lachisanu ndinkakhala kumbuyo, osayankhula. Mpaka Lachisanu lina pamene inakwana nthawi yotumiza uthenga kwa Mariamu. Bambo ake anali atagwa m'munda, mbali imodzi ya thupi n'kusiya kugwira ntchito. Amayi ake anayesa kujambula, mawu ananjenjemera, Anti Alima anafufuta. Anayesanso, chimodzimodzi.

"Mpatseni Asiyatu," anatero Anti Alima. "Ndi mnzake, amukhulupirira. Iwe, ungoti kuno kuli bwino, mvula yagwa, basi. Ndi Chichewa chako cha ku Blantyre chija."

Amayi ena anaseka. Foni inafika m'manja mwanga.

"Anti," ndinatero, mawu akutuluka pang'ono, "sindingathe."

"Manyazi omwewa? Mayi wamkulu ngati iwe?"

"Si manyazi. Ine ndinali uko. Lachisanu lililonse ndinkamvetsera mawu amenewa kuseri kwa nyumba ya eni ake, ndikusangalala, amayi anga akuchita khungu. Munandisamalira, sindidzaiwala. Koma munandisankhira. Mukanandiuza, mwina ndikanabwera, mwina ndikanangotumiza ya chipatala. Diso lija bwenzi lilipo."

Wina anati, "Akasiya ntchito, udzawadyetsa ndiwe?"

"Sindikudziwa. Koma nkhaniyi si yanga, si ya gulunso." Ndinatembenukira kwa amayi ake a Mariamu, monga mmene Madamu ankachitira asanajambule munthu. "Amayi, mawuwa ndi anu. Mukati ndisanene za abambo, foni ndibweza, sindidzanena kwa aliyense. Koma zoti kuli bwino, pakamwa panga sizituluka."

Iwo anayang'ana pansi, akupotokola nsonga ya mpango. Amene anayankhula ndi amayi anga, omwe anali chikhalire pakona ndi diso lawo limodzi.

"Anzanga, muuzeni mwanayo. Ine ndinakana kawiri. Ndiyang'aneni."

Amayi ake a Mariamu anapukuta nkhope. "Abambo ake amamutchula mmawa uliwonse," anatero. "Nena, mwana wanga. Koma unenenso kuti akudya."

Ndinadina. "Mariamu, asalamu aleikumu, ndine Asiyatu. Abambo ako akudwala, anagwa ndipo dzanja ndi mwendo sizikugwira. Akudya, akuyankhula pang'ono, tikuwasamalira tonse. Sitikukuitana, sitikukuletsa. Tangofuna udziwe."

Anti Alima analandira foni, chala chili pamwamba pa pofufutira. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatumiza.

Sipanapite nthawi, foni inayamba kulira. Kwa zaka zonsezo Anti Alima ndiwo ankayamba kuyankha foni iliyonse yolowa pakhonde limenelo. Tsiku limenelo anayang'ana dzina, n'kutambasula dzanja kudutsa mitu yathu.

"Yankhani nokha," anatero kwa amayi ake a Mariamu. "Ndi mwana wanu."