Njuchi za mu Mtengo wa Mapeyala ku Chinyonga

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, makolo onse atamwalira, ndikukhala ndi agogo anga m'kachipinda kamodzi ku Chinyonga. Iwo ankachapa zovala kunyumba ya amwenye ku Limbe, ndipo pobwerako manja awo ankakhala otuwa, onunkhira sopo. Ine sindinali wolankhulalankhula. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kuseri kwa nyumba kuonerera njuchi zomwe zinamanga m'mphako ya mtengo wa mapeyala.

Chaka chimenecho amalume a Zuze, mwana womaliza wa agogo, ntchito inawathera ndipo anabwera kudzakhala nafe. Ufa sunkachedwa kutha. Tsiku lina masana ndinawamva ali pakhonde.

"Amayi, kamwanaka kapite kumudzi ku Nsanje. Pano tachulukana."

Agogo anangopitiriza kusisita maondo awo.

Inali nyengo ya chiperoni, maluwa atasowa. M'mawa mwake ndinapeza njuchi zikukoka zinzake zonenepa, za maso aakulu, n'kumaziponya kunja kwa mphako. Ina ikafuna kubwerera, zapakhomo zinkaikankha. Pansi panali zambiri, zikukwawa pa dothi lonyowa.

Agogo, mpango uli kale kumutu, anawerama movutikira n'kutola imodzi ndi zala.

"Zamphongo izi, zilibe mbola. Zoluma, zosaka chakudya, zolonda pakhomo, zonsezo ndi zazikazi. Kukavuta, zamphongo zimatulutsidwa."

"Ine ndine wamwamuna," ndinatero. "Munditulutsanso?"

Agogo anandiyang'ana. "Iwe ndiwe mwana. Ana ali m'katimo, ndiwo akulondedwawo. Pukuta mamina, uchedwa."

Loweruka amalume ananyamula chikwama chawo. Sanatsanzike. Agogo anawaperekeza ndi maso mpaka pamsewu, kenako analowa m'nyumba n'kugona choyang'ana kukhoma, dzuwa lili pamutu. Ine ndinasangalala, ndipo ndinadya bwino tsiku limenelo.

Amalume sanapondenso pakhomo pathu kufikira pa maliro a agogo.

Nditakula ndinamva kuti njuchi ikaluma munthu mbola imatsalira, n'kuzuka pamodzi ndi zam'mimba mwake, ndipo siichedwa kufa. Ndili mwana ndinkangoona kuti agogo anandisankha. Lero, ana anga akamalimbirana bulangete limodzi, ndimakumbuka kuti amene anatuluka ndi chikwama uja analinso mwana, wobadwa m'mimba mwawo, ndipo agogo sanandiuzepo ngakhale kamodzi mmene zinawawawira.