Ba Kabaso Kuwaonera M'wilibala

Mlamu wanga, ba Kabaso, akalambira pa wilibala. Anabwera ku Kanyama kuchokera ku Kasama ali mnyamata, ndipo chiyambire amakankha katundu wa anthu pamsika: makala, kabichi, simenti, tsiku lina mpaka mbuzi yokana kuyenda. Ndi munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, koma kuuma mutu kwake ndiye musanene.

Mwana wawo Luse amaphunzira zopanga makatuni kukoleji. Chaka chathachi aphunzitsi anauza aliyense kuti apange kanema wamfupi wa munthu wa kwawo, asankhenso yekha pomwe oonera azimuonera munthuyo: kuchokera m'mwamba, pambali, kaya pansi. Luse anasankha bambo ake. Eni ake atamva anakana kwamtuwagalu.

"Usanifake mu vinthu vako, iwe," anatero. "Banzako bazaziba ati ndiwe mwana wa wopusha wilibala. Bazakuseka."

Ine zinandipsetsa mtima. Si wilibala yomweyo yamufikitsa mwanayo kukoleji? Titawaumiriza anavomera, koma anati ayambe aona okha, ndipo akapanda kukonda, Luse afufute zonse, kaya alephera mayeso.

Luse anayamba kuwajambula kuchokera m'mwamba. Anaoneka ngati nyerere pakati pa madenga opsinjidwa ndi miyala. Atayesa pambali, panangooneka msana wopindika ndi malaya ong'ambika, zomvetsa chisoni zedi. Mwanayo anasowa mtengo wogwira.

Kenako mvula inagwa, Kanyama yense n'kusefukira monga mwa nthawi zonse. Luse ataona madzi pakhomo anakumbukira kuti ali wamng'ono, bambo ake ankayala saka m'wilibala n'kumukankha mpaka kusukulu kuti asanyowetse masokosi. Pompo Luse, mtsikana wamkulu ndithu, anakwera m'wilibala pabwalo, anthu akuseka, n'kuyang'ana m'mwamba. Anatsika nakatsegula laputopu.

Atamaliza, tinaonera Lamlungu titachokera kutchalitchi. Pansi pa chithunzi panali timapazi tovala masokosi oyera. Pamwamba pake panali mikono iwiri yamphamvu, madzi akuthovuka uku ndi uku, ndi nkhope ya ba Kabaso itafika kumitambo.

Ba Kabaso anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Uyu ndine?" anafunsa.

"Ndimwe, batata," anayankha Luse.

"Wanikulisa maningi, iwe."

"Sininakukuliseni. Ndiye mwamene nenzo kukuonani."

Ba Kabaso anatsokomola, nati utsi wa mbaula wawalowa m'maso. Mbaulayo inali isanayatsidwe n'komwe.

Tsiku loonetsa makanema kukoleji anapita atavala malaya ositidwa bwino, ine ndili pambali pawo. Kanema wa Luse atatha, anthu anaomba m'manja. Munthu uja amene ankaopa kudziwika anaimirira pakati pa holo, chipewa chili m'manja, n'kukweza mawu mpaka akumbuyo anamva.

"Wopusha uja ndine," anatero. "Wamene enze mu wilibala ni mwana wanga."