Dzanja Pakamwa pa Khanda

Ine kale ndinkakhulupirira kuti mwana wopha munthu amabadwa ndi chizindikiro: maso ofiira ngati a njiwa. Sukulu ndinalekera panjira, koma pa nkhani ya maso a ana a eni ndinali mphunzitsi wamkulu. Musaseke, enanu mukukhulupirirabe.

Titabwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi, tinapeza minda yathu ku Majaua itasanduka nkhalango. Aliyense wotha kugwira nkhwangwa ankalawirira kokagwetsa mitengo, makanda n'kutsala ndi ana anzawo. Banja loyandikana nafe silinathawe nkhondo, linaithera m'phiri, mobisala. Anali ndi kamtsikana kamene mano a ukhanda anali atangoyamba kuguluka, ndipo ndi komwe kankalera mlongo wake wakhanda. Bambo ake sankachedwa kumenya. Pochoka ankati, "Ndikangomva kuti mwanayu analira, ulira ndiwe."

Tsiku lina kunabwera lole yodzagawa mbewu ndi makasu. Ife a ku kampu tikamva injini tinkathamangira komweko, thumba m'manja. A m'phiri akamva injini ankadziwa kuti ndi asilikali. Kamtsikanako kananyamula khanda, kulowa nalo m'munda wa chinangwa, n'kulitseka pakamwa monga ankachitira amayi ake m'phiri muja. Lole inachedwa kuchoka, poti pogawa zaulere sipatha mkangano. Pamene amayi ake ankakapeza, dzanja linali likadali pakamwa, khanda litazizira.

"Sanalire, amayi," kanatero. "Muwauze ababa kuti sanalire."

Titaika maliro, anthu anati ndi ufiti, ena anati ndi mizimu ya nkhondo. Anagwirizana kuti mwanayo achoke m'mudzi, apite kwa aliyense amene angamulandire, koma womulandira panalibe. Ine ndinawerama n'kumuyang'ana m'maso. Ofiira psuu! Zoti wakhala akulira chiyambire dzulo lake sindinaziganizire. Ndinalengeza zimene ndinaona, anthu n'kugwedeza mitu.

Usiku umenewo akazi anga anandisiya ndimalize kudzitama. Kenako anati, "Abambo, tsiku lomwe tinkawoloka Ruo pothawa, anatseka mwana wathu pakamwa ndani? Si inu? Ndinachita kukulumani dzanja kuti mumusiye apume. Maso anuwo ndimawaona tsiku ndi tsiku, ndi oyera mbee. Mawa musanagwire nkhwangwa, mukamutenge mwana uja, azidzagona muno."