Chingwe chimene ndinazula anthu akupemphera

Ba Mulenga anandiitana ku komboni ya George kuti ndilumikize makompyuta a mu kafe yawo ya intaneti. Ndinakhomera switchi pakhoma, kabokosi kogawira netiweki, n'kulowetsa zingwe chimodzichimodzi. Pansi panatsala nsonga ya chingwe china. Pofuna kuoneka katswiri, ndinailowetsanso, osayang'ana kuti nsonga inzake ili kale m'kabokosi momwemo.

Timagetsi tonse tinayamba kuphethira pamodzi mofulumira, ndipo intaneti inafa.

Ba Mulenga sanayang'ane ine. Anatembenukira kwa Ba Chanda, mkazi wamasiye wa mng'ono wawo, amene ankasesa m'kafemo.

"Mwagwirako vinthu ivi?"

"Napukuta chabe fumbi, mulamu."

"Chilichonse chamene mugwira chimafa. Munayamba na mufana wanga."

Apa n'kuti nditaona kale cholakwa changa, koma ndinachibisa. Ndinapitiriza kugogoda kabokosiko ngati munthu wozunguzika.

Ba Mulenga anaitana abusa a tchalitchi chapafupi. Anthu atatsinzina, abusa akudzudzula mzimu wa imfa, ndinagwada ngati wopemphera n'kuzula chingwecho. Pofika pa "Ameni" intaneti inali itabwerera. Ba Mulenga anaomba m'manja, n'kuuza mlamu wawoyo kuti asadzapondenso pamenepo.

Ba Chanda anatsamiritsa tsache pakhoma mwakachetechete. Podutsa pafupi nane anaima pang'ono.

"Ine sininatsinzine, ba injiniya," anandinong'oneza.

Sanandiulule mpaka lero. Tikakumana pa kiosiki ya madzi, amandipatsa moni mwaulemu, ndipo ine ndimayankha nditayang'ana pansi.