Firiji ya Amake Choolwe, Kasitomala wa Bupe

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pafoni. Mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu ku Nangongwe anaponya uthenga pagulu la achinyamata wonena kuti banki ina ya m'tauni ya Kafue ikufuna anthu ogulitsa makhadi a ngongole. Ndinali nditatopa kukhala pakhomo chimalizireni koleji, ndikudya nshima ya atate amene penshoni yawo ya kunjanji inali yosakwana kale. Ndinatumiza makalata tsiku lomwelo. Kenako ndinamutumiziranso uthengawo Bupe, mnzanga wa m'kwaya yemwe tinaphunzira naye kalasi imodzi. A banki anatitenga tonse awiri.

Sitinali antchito okhazikika a banki. Tinali pa kontirakiti, malipiro ochepa, zotsalazo komishoni. Anatipatsa sikipa ya mtundu wa banki, tebulo lopinda, ambulera yaikulu ndi tabuleti. Munthu akavomera kutenga khadi, unkajambula chitupa chake cha boma mbali zonse ziwiri, kumujambula nkhope, kujambulanso mapeyisilipi kapena masitetimenti a bizinesi yake, iye n'kusaina ndi chala pagalasi la tabuleti. Zonsezo zinkapita ku likulu ku Lusaka, kumene ankafufuza mbiri yake ya ngongole. Akamukana, iwe unalibe kanthu, ngakhale utapsa ndi dzuwa tsiku lonse.

Chomwe tinkagulitsa kwambiri chinali kusamutsa ngongole. Munthu amene anali ndi khadi la banki ina, ngongole itamukulira, ankaibweretsa kwa ife. Banki yathu inkalipira kumene anakongolako, n'kumudula kandalama kosamutsira, ndipo ngongoleyo inkakhala miyezi ingapo osabala chiwongoladzanja. Izi zinali zosavuta kufotokoza. Chovuta chinali chomwe ku ofesi tinkangochitchula kuti giresi. Khadi likakhala lopanda ngongole yotsala, ukagula chinthu sitetimenti n'kutuluka, umapatsidwa masiku opumira mpaka tsiku lolipira, ndipo ukalipira zonse tsikulo lisanadutse, chiwongoladzanja palibe. Koma mawu akuti zonse amatanthauza zonse zomwe zili pa sitetimenti. Ngongole yosamutsidwa ija, ngakhale ili chigonere, imawerengedwa pomwepo. Ndiye pa khadi lathu, malinga ngati ngongoleyo ikadalipo, masiku opumira aja kulibe. Ukagula ngakhale paketi ya shuga, imayamba kubala chiwongoladzanja tsiku lomwelo.

Pa mayeso a kumaphunziro ku Lusaka ndinapambana onse, ndipo funso la giresi ndinalikhoza ndekha m'gulu lathu. Bupe anangodutsa pang'ono. Ndinabwerera ku Kafue ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti mpando umodzi wokhazikika womwe anatilonjeza kumapeto kwa kontirakiti unali wanga.

M'chipinda chakumbuyo, pafupi ndi ketulo, munali bolodi loyera. Supavaiza wathu, ba Mweemba, ankalembapo mayina athu ndi makhadi omwe avomerezedwa. Mzere wa Bupe unkatalika sabata iliyonse. Wanga unkayenda ngati ukukokedwa. Ndinayamba kumwa tiyi nditafulatira bolodilo.

Sindinkamvetsa chomwe anthu ankaona mwa iye. Tikaika tebulo pafupi ndi siteshoni ya maminibasi, ine ndinkafotokoza zonse mwadongosolo, munthu n'kugwedeza mutu, n'kunena kuti abwera mawa, osabweranso. Bupe ankatha kucheza ndi mphunzitsi za mwana wake wodwala mano, kuseka, kugawana naye chimanga chowotcha, kenako n'kumuona mphunzitsiyo akutulutsa chitupa. Komishoni yoyamba anagula nsapato zofiirira zachidendene chachitali, zomwe zinkalira ko ko ko pa matailosi a banki. Ndinkazimva ngakhale ndili kuchimbudzi. Lamlungu anakaimirira kutsogolo kupereka umboni kuti Mulungu wamutsegulira makomo, mpingo wonse ukuomba m'manja. Nanenso ndinaomba. Amayi anga tili m'njira anati, "Bupe uja ni wochangamuka, uzimufunsako mwamene achitila." Sindinadye bwino masana amenewo.

Ndinadzipezera yankho londitonthoza: Bupe amanama. Ndinkadziuza kuti akamanena za miyezi yopanda chiwongoladzanja amathera pomwepo, za giresi sazitchula. Umboni ndinalibe, koma maganizo amenewa ankandithandiza kugona. Ndinkangodikira tsiku lomwe masitetimenti adzayambe kutuluka, anthu ake n'kubwera akulira.

Tsikulo linafika kumapeto kwa mwezi wina wotentha. Mzere unali utatuluka mpaka panja, makina oziziritsa m'banki atafa, aliyense akudzikupiza ndi pepala. Bupe anali atapita ku Shimabala kukalembetsa akalaliki a pafamu ina. Ine anandikhazika pa desiki yothandizira makasitomala chifukwa mwini desikiyo anali pa tchuthi. Analowa mayi wina wamtali, atavala chitenje ndi juzi ngakhale kunali kotentha choncho, sitetimenti itapindidwa m'dzanja. Sanaime pamzere. Anapita molunjika kwa ba Mweemba, iwo n'kumubweretsa kwa ine.

"Tisa, Bupe kulibe. Bathandize bamai aba," anandiuza, n'kubwerera ku kauntala.

Anali amake Choolwe, wamalonda a nsomba wa ku Chanyanya, wa bizinesi yaikulu ndithu, yemwe ankagula kwa asodzi n'kumaperekera m'malo odyera ku Lusaka. Nditalowetsa nambala ya khadi pa kompyuta, pakona panatuluka dzina la wogulitsa. Linali la Bupe. Mtima wanga unadumpha ngati ndatola ndalama pamsewu.

"Mwana wanga, niuze," anatero amake Choolwe, akumenya pepalalo ndi chala. "Firiji ninalipila yonse, deti ikalibe kukwana. Manje iyi intaresti yachoka kuti?"

Nkhani yake inali yoonekeratu pa kompyuta. Anasamutsa ngongole yomwe inamukulira pa nyengo yoletsa kupha nsomba, pamene bizinesi imaima koma mimba siima. Patapita masabata angapo anagula firiji yaikulu ku Lusaka ndi khadi lomwelo. Tsiku lolipira lisanafike anabweza ndalama yofanana ndi mtengo wa firijiyo. Anachita monga ankachitira kale ngongole isanamugwere, pamene ankagula n'kulipira zonse osadulidwa kanthu. Koma tsopano giresi panalibe, ndipo firiji inali itabala chiwongoladzanja kuyambira tsiku logula. Panalinso china choipa kuposa apo. Malamulo a khadi lathu ankati ndalama yolipira iyambe kupita ku ngongole yakale. Choncho zomwe anabweza zinameza ngongole yogona ija, firiji n'kutsala osakhudzidwa, ikubalabe tsiku ndi tsiku.

Ndinamufotokozera zonsezi bwinobwino. Ndinatembenuza kompyuta kuti aone, ndinamuonetsa mzere uliwonse ndi cholembera, ndinatsegulanso tsamba la malamulo pomwe anasaina. Mawu anga anali omveka ngati a m'kalasi.

"Bamai, ngati pa khadi pakali nkongole yamene munasamusa, giresi kulibe. Chilichonse chamene mugula chiyamba kubala siku yamene iyo."

"Si munakamba ati ziro?"

"Ziro ni pa nkongole yakale chabe."

"Nanga ndalama zanga zamene ninalipila?"

"Zinayenda ku yakale."

Anaimirira mpando n'kugwa. "Mwanibela!" anakuwa, banki yonse n'kutembenuka. Mlonda anayamba kusendera. Ine ndinatsitsa mawu, n'kufunsa funso lomwe linali pamlomo panga kuyambira pomwe ndinaona dzina lija.

"Nanga Bupe sanakuuzeni kuti musagulile khadi iyi?"

Fomu yodandaulira inali kale pansi pa dzanja langa. Ndinkadziwa kuti dandaulo loti wogulitsa anabisa zinthu limapita ku Lusaka ndipo limatha kuthetsa kontirakiti.

Amake Choolwe anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Ananiuza! Anakamba ati iyi khadi muifake pansi mu sutikesi, musagulile olo sopo. Ananitumila na foni kunikumbusa. Manje firiji yakale inapsa pamene malaiti anabwela na mphamvu, nsomba zenze kuyamba kununkha, nenze kuchita bwanji? Ninaganiza ati nikalipila msanga palibe mulandu."

Anadzutsa mpando yekha, n'kukhala, n'kuphimba nkhope ndi nsonga ya chitenje. Ndinabwezera fomu ija m'dirowa. Ndinamva manyazi pang'ono, koma chomwe chinandikulira chinali kukhumudwa. Bupe sananame. Ankagulitsa kuposa ine akunena zoona zomwezo zimene ine ndinkanena.

"Niitanileni Bupe," anatero mayiyo osandiyang'ana. "Imwe sinikufunani."

Anakhala pa benchi mpaka dzuwa litapendeka, osadya, anthu akumudutsa. Ine ndinapitiriza kuthandiza ena, koma maso anga ankabwerera kwa iye. Bupe atalowa, fumbi la ku Shimabala lili m'tsitsi, ba Mweemba anamunong'oneza mawu awiri. Sanapite ku kompyuta. Ananjuta pafupi ndi benchi, n'kupereka moni m'Chitonga, chilankhulo cha mayiyo, chomwe anachiphunzira pamsika, kenako anafunsa kuti, "Bamai, nsomba zinapulumuka?"

Mayiyo anaseka misozi ili m'masaya. Anati zambiri zinapulumuka, zochepa anaziyanika. Anayamba kufotokoza za usiku womwe firiji inapsa, za mwamuna wake yemwe anathamanga panjinga kukapempha malo m'mafiriji a anzake, za dalaivala yemwe anamudula mtengo wokwera kubweretsa yatsopanoyo pamsewu wa ku Chanyanya. Bupe anamvetsera zonse. Mayiyo atatha, Bupe anati, "Munachita bwino kugula. Sembe munataya zambili kuchila iyi intaresti. Manje tiyeni tione mwamene tingaimikile."

Kenako ananena zomwe ine ndinanena. Mawu omwewo, manambala omwewo, malamulo omwewo. Mayiyo ankagwedeza mutu ngati akumva nkhani yatsopano. Bupe anabwera pa desiki yanga n'kundifunsa, pamaso pa onse, ngati panali njira yopempha ku likulu kuti ndalama yolipira ija isunthidwe kupita pa firiji. Njirayo inalipo, ndipo ndinkaidziwa kuyambira kumaphunziro. M'mawa wonse uja sinandibwerere m'mutu, chifukwa mutu wanga unali pa dzina la pakona. Ndinamuonetsa tsamba lake pa kompyuta, ndinalemba pempholo, ba Mweemba anasaina.

"Tisa ndiye aziba izi vinthu," Bupe anauza mayiyo akumwetulira. Ankanena ndi mtima umodzi, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandinyoza.

Likulu linavomera kusuntha ndalamayo. Chiwongoladzanja chomwe chinali chitabala kale sanachikhululuke, ndipo amake Choolwe anachilipira. Khadi analibweza mu sutikesi, zogula za tsiku ndi tsiku n'kumalipira pafoni, mpaka ngongole yonse inatha, masiku opumira aja n'kubwerera. Patangopita sabata chichitikireni za m'banki zija, anabwera ndi kabokosi ka ayezi muli nsomba zikuluzikulu za mu Kafue, za Bupe. Anabweranso ndi anzake awiri amalonda omwe ankafuna kusamutsa ngongole zawo, naonso kwa Bupe. Bupe anandigawira nsomba ziwiri. Amayi anazikazinga ndi tomato, atate anazitama mpaka kunyambita zala, ine ndinadya ndiwo zamasamba.

Mpando wokhazikika uja anaupereka kwa Bupe. Ba Mweemba anandiitana m'kaofesi kawo kudzandiuza ndekha nkhaniyo isanalengezedwe. Ndinawafunsa chomwe ndinkalakwitsa.

"Palibe chamene ulakwisa pa mapepala," anatero. "Koma bamai baja banabwela na mantha, iwe sunabafunse olo chinachitika n'chani."

Anandiwonjezera kontirakiti, ndipo patapita nthawi anandikhazika pa desiki yothandizira makasitomala, pomwe ndili mpaka lero. Munthu aliyense wofuna kusamutsa ngongole ndimamuuza asanasaine kuti khadi limeneli tsopano ndi lobwezera, si logulira, kufikira ngongole yonse itatha. Ndimamuuza awerenge kumene ndalama yolipira imayamba kupita, chifukwa makhadi amasiyana. Ndimamuuzanso kuti ngati tsoka limukakamiza kugula, abwere kapena aimbe tsiku lomwelo, asadikire sitetimenti. Ndipo wobwera atakwiya, pepala lili m'manja, sindiyamba ndi kompyuta. Ndimayamba kumufunsa chomwe chinachitika kunyumba. Kawirikawiri pamakhala firiji, maliro, kapena mwana wothamangitsidwa kusukulu.

Bupe anakwezedwa, tsopano amagwira ku likulu ndipo ali ndi kagalimoto koyera. M'mawa wina akandipeza ndikudikira minibasi pamsewu wa ku Nangongwe, amaimba huta n'kutsitsa galasi, akufuula dzina langa mosangalala. Kansanje kaja kamandilasabe pansi pa nthiti. Ndimatsegula chitseko, n'kukhala kutsogolo, n'kumufunsa za ana ake.