Tsiku limene ndinapha wotchi ya bambo

Wotchi yotchipa imene ndagula sabata ino ndi yachisanu m'kabokosi kanga. Ilibe batire, ndipo timawilo take timaonekera pagalasi.

Bambo, kapitawo wa othyola tiyi kufupi ndi Makwasa, anali ndi yotere. Ndiyo inkawauza nthawi yoyeza masamba pasikelo. Tsiku lina ataiiwala pawindo, ndinaivala mpaka masana, kenaka inangoima. Ndinaikulunga m'kansalu ngati maliro, n'kuwadikira pakhomo.

"Ababa, ndaipha," ndinatero ndikulira.

Anagwada, manja akununkhira tiyi wamuwisi. "Ungaiphe iwe? Yangogona ndi njala iyi. Bweretsa zala."

Tinapotokola limodzi kamutu ka m'mbali, pang'onopang'ono. Kenaka anaigunditsa pakhutu langa.

"Tonthola tsono, uimve ikudzuka."